Dzina la Shopu pa Sikipa: Kodi Cifundo Cooneka Cikali Cifundo?

Azimai anzanga, ndani mwa ife amene sanaonepo gulu la anthu ovala masikipa ofanana likuyenda mumseu muno mu Lusaka, apolisi ali patsogolo, ena atanyamula cinsalu colembedwa? Timawaona mu Okutobala pamene akucenjeza za khansa ya m'mawere, timawaonanso pa 1 Disembala pokumbukira za Edzi. Mukayang'ana kumsana kwa masikipawo mumapeza maina a mabanki, a makampani a mafoni, ndipo nthawi zina a mashopu ang'onoang'ono onga athuwa. Ena mwa ife tikaona zimenezi timayamika. Ena timapukusa mutu ndi kunena kuti anthuwa sanabwere cifukwa ca odwala iai, abwera kudzatsatsa malonda ao pamsana pa odwala.

Nkhani imeneyi si ya mabwana a m'tauni okha. Ambiri a inu muli ndi kantemba, saluni, makina osokera kapena malo kumsika, ndipo amuna anu ndi ana anu ndiwo akuwocherera mageti ndi mafelemu a zitseko m'mbali mwa mseu wa Katima Mulilo kuno ku Garden. Tsiku lina pepala lopempha thandizo lidzafika pakhomo la bizinesi yanu. Conco tiyeni tiiganizire nkhaniyi pepalalo lisanafike.

Tiyerekeze motere. Mwini shopu yowocherera zitsulo ali ndi anyamata asanu. Mkazi wa mmodzi wa anyamatawo, mai wa zaka 30 wa ana awiri, wauzidwa kucipatala kuti ali ndi matenda ochedwa multiple sclerosis, mwacidule MS. Anthu a pa shopupo, pamodzi ndi telala ndi mai wa saluni oyandikana nao, agwirizana kutseka mashopu pa Ciwelu m'mawa, kuvala masikipa olembedwa dzina la shopu, ndi kulowa nao pa ulendo wa pansi wosonkhetsa ndalama zothandizira odwala matendawa. Kodi acita bwino? Nanga ngati pambuyo pake makasitomala aculuka cifukwa anthu anawerenga dzina lija, kodi cifundo cao casanduka malonda?

Matenda amene ambiri sitinawamvepo

Tisanaweruze oyendawo, tiyambe tadziwa cimene mai uja akulimbana naco. Mitsempha imene imanyamula mauthenga mu ubongo ndi mumsana inakutidwa ndi cikuto cofewa, monga mmene nthambo ya magetsi imakutidwira ndi pulasitiki. Owocherera amadziwa zimene zimacitika nthambo ikasupuka: moto umadukaduka, makina amayaka ndi kuzima. Mwa munthu wodwala MS, asilikali a m'thupi, amene nchito yao ndi kumenyana ndi tizilombo, amasokonezeka ndi kuyamba kuononga cikuto cimeneci. Poonongekapo pamatsala zipsera, ndipo uthenga wa pakati pa ubongo ndi diso, mwendo kapena cikhodzodzo umayenda mocedwa, mwina osafika n'komwe. Dzina la Cingerezilo litanthauza zipsera zambiri zolimba. Dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, ndiye anawafotokoza momveka bwino matendawa mu 1868.

Wina amayamba ndi diso limodzi kuona mwacimbuuzi ndi kupweteka akalitembenuza. Wina amamva dzanzi m'miyendo, kapena amayenda mwapendapenda monga woledzera pamene sanalawe n'komwe mowa. Ambiri amadandaula kutopa kwakukuru kumene sikutha ngakhale agone usiku wonse, ndi kulephera kusunga mkodzo. Thupi likatenthedwa zizindikirozi zimakula, motero dzuwa la Okutobala pansi pa malata ndi mdani wao. Kwa odwala ambiri, pafupifupi 85 mwa 100 alionse, matendawa poyamba amabwera ndi kupita. Munthu amadwala milungu ingapo, kenaka amapezako bwino miyezi kapena zaka, ndipo pambuyo pake amagwidwanso.

Taganizirani zimene kubwera ndi kupita kumeneku kumacita m'komboni. Mai wafooka miyendo, abale amuthamangira naye kwa sing'anga kapena kwa mneneri. Patapita milungu wayamba kuyenda, ndipo onse akuti mankhwala aja agwira nchito. Caka camawa zabweranso, ndipo tsopano pafunika wolozedwa cala: apongozi, mkazi mnzake, kapena agogo a nyumba yoyandikana. Ena amangoti maiyo ndi waulesi, popeza dzulo anali kucapa pampopi, lero akuti sangadzuke. Matendawa si ufiti, si ulesi, ndipo sapatsirana podyera m'mbale imodzi kapena pogona nyumba imodzi.

Mu 2020 bungwe la MS International Federation linawerengera kuti anthu okwana 2.8 miliyoni padziko lonse ali ndi MS. Azimai amadwala kuwirikiza kawiri kuposa azibambo, ndipo ambiri amapezeka nao ali pakati pa zaka 20 ndi 40, zaka zobereka, zolera ndi zofuna ndalama za pakhomo. Mankhwala ocizira matendawa kotheratu kulibe. Koma kuyambira mu 1993 kwakhala kukuturuka mankhwala ocepetsa kugwidwa kuja ndi kucedwetsa kulumala, ndipo mu 2023 bungwe la World Health Organization linaika atatu a mankhwalawa, cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab, pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse.

Odwala ambiri olembedwa m'mabuku ali ku Ulaya ndi ku North America. Kuno ku Africa ciwerengero ndi cocepa, ndipo cimodzi mwa zifukwa zake n'cakuti kuti matendawa adziwike pamafunika makina ojambula ubongo a MRI ndi dokotala wa za ubongo ndi mitsempha, nthawi zinanso kupima madzi a mumsana, kumene anthu ambiri kwathu kuno amakuopa. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala otere mu 2018 pa UTH ndi University of Zambia, ndipo oyamba anatsiriza mu 2020. Madokotala a pa UTH akuwapeza matendawa mwa anthu a muno mu Zambia. Koma musathamangire kunena kuti aliyense wa dzanzi ali ndi MS. Sitiroko, shuga, HIV ndi TB ya mumsana zimabweretsanso zizindikiro zofanana, ndipo ndizo zofala kwambiri pakati pathu. Cofunika ndi kupita msanga kukiliniki kapena ku Chipata Level One, kumene angakutumizeni ku UTH.

Cifukwa cake anthu amayenda

Mu 1945 mai wina wa ku New York, Sylvia Lawry, anaika kacidziwitso kakang'ono m'nyuzipepala ya New York Times, kufunsa ngati alipo amene anacirapo MS, cifukwa mlongo wake Bernard anali kudwala. Amene anamuyankha sanali ocira iai. Anali odwala ndi abale ao, nawonso akufunafuna thandizo, aliyense akuganiza kuti ali yekha. Caka cotsatira, mu 1946, anayambitsa bungwe limene lero likuchedwa National Multiple Sclerosis Society. Bungwe limeneli linayamba maulendo a pansi osonkhetsa ndalama mu 1988, ochedwa Walk MS, ndipo kucokera nthawi imeneyo maulendowa asonkhetsa madola oposa 1 biliyoni. Oyenda ambiri amapita m'timagulu: banja, mabwenzi, kapena anthu ogwira nchito pamalo amodzi. Kuyambira mu 2009 palinso tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, limene masiku ano limacitika pa 30 Meyi.

Ndalamazo n'zofunika, koma ulendo wotere uli ndi nchito inanso. Umatenga cinthu cobisika m'cipinda ndi kuciika pamseu. Ife a mu Zambia sitifunika kuphunzitsidwa za mphamvu ya zimenezi. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wao Masuzgo anamwalira ndi Edzi, pa nthawi imene mabanja anali kunena kuti wodwala wao walodzedwa. Mu 1990 Winstone Zulu anaima poyera ndi kunena kuti ali ndi HIV. Anthu awa sanapereke mankhwala kwa aliyense tsiku limenelo, koma anatsegula pakamwa pa mtundu wonse, ndipo pofika 2005 ma ARV anali kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma. Pa matenda obisika, kuonekera kumene ndi mphatso. Mai wa ku Chaisa kapena ku Mandevu amene wakhala zaka zitatu akunenedwa waulesi angawerenge zizindikiro pa cinsalu ca oyendawo ndi kuzindikira kuti cimene cikumusautsa cili ndi dzina, ndipo cili ndi dokotala wake.

Mtima wogawika

Tsopano tibwere pa cotsutsa cacikuru. Ife oleredwa mu Mau tidziwa cenjezo la pa Mateyu 6, loletsa kupereka zacifundo ndi colinga cakuti anthu atitame. Munthu angafunse kuti, kodi dzina la shopu pa sikipa si lipenga lomwelo? Funsoli n'lolemera ndipo tisalipeputse. Koma tikumbukire kuti mu ulaliki womwewo, pa mutu 5, Ambuye analamulanso kuti nchito zabwino zionekere kwa anthu kuti ulemu upite kwa Atate. Conco colakwa si kuonedwa. Colakwa cili pa kumene maso a oona akuthera. Ngati munthu woima pambali pa mseu abwerera kunyumba akudziwa za matendawa, kuonekerako kwagwira nchito yake. Ngati abwerera akungodziwa kumene angagule geti, pamenepo lipenga lalira.

Wanzeru wina wa ku Germany, Immanuel Kant, analemba mu 1785 za wogulitsa m'sitolo amene sabera mwana pa mtengo, koma amamulipiritsa monga alipiritsa wamkuru. Kant anati wogulitsayo angakhale akucita zimenezi cifukwa cabe cakuti kuona mtima kumasunga makasitomala, ndipo ngati ndi tero, cocita cakeco n'coyenera koma sitinganene kuti cacokera mu ubwino wa mtima. Pamenepa anakamba zoona. Koma iye yemweyo anavomerezanso kuti palibe munthu angaone mpaka pansi pa mtima wake ndi kutsimikiza kuti mulibe kudzikonda ngakhale pang'ono. Ndipo ife tingaonjezepo kuti mwana uja wabwerera kunyumba ndi chenji yake yokwanira, kaya mtima wa wogulitsayo unali wotani.

Makolo athu analibe manyazi pa nkhani imeneyi. Anati kupatsa n'kuika. Pa maliro timasonkha ufa ndi nkhuni, timagona pansi usiku wonse, cifukwa timakonda ofedwawo, komanso cifukwa tidziwa kuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Pa cilimba timaponya ndalama podziwa kuti tsiku lathu lolandira lidzafika. Ngakhale yunifomu yathu ya Cigwirizano, imene timavala pokaona odwala, imauza komboni yonse kuti ndife a mpingo uti. Kodi tileke kupita kucipatala kufikira titatsimikiza kuti m'mitima mwathu mulibe kakunyada ngakhale kamodzi? Tikadikira mtima wopanda banga, bokosi la maliro lidzasowa wolinyamula. Mtima wogawika tiupereke kwa Mulungu kuti auyeretse, koma miyendo iyendebe.

Tiyeneranso kuona mtengo umene bizinesi yaing'ono imalipira. Kampani yaikuru imakhala ndi ndalama zoikidwiratu pambali zotsatsira malonda, ndipo ogwira nchito ake akayenda pa Ciwelu malipiro ao sacepa. Wowocherera wa ku Garden akatseka shopu m'mawa wa Ciwelu wataya tsiku limene anthu amabwera kudzagula. Mukumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse, anyamata akudzuka pakati pa usiku kukawocherera pa maola ocepa amene moto wabwera. Munthu wodziwa kuwawa kwa ola limodzi lotayika akapereka m'mawa wonse, wapereka ndiwo za ana ake. Ngati dzina lake lidziwika ndi zimenezo, ine sindiona cifukwa comucitira nsanje. Ndi bwino m'komboni mudziwike shopu imene imasamala odwala kusiyana ndi kudziwika malo a kaloba okha.

Nanga kolera, nanga malungo?

Cotsutsa caciwiri ndi ca ciwerengero. Kuyambira mu Okutobala 2023 kufikira m'miyezi yoyamba ya 2024 kolera inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ambiri a iwo a muno mu Lusaka. Bwalo la Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa kufikira mu Febuluwale. Wina anganene kuti, pamene ngalande zathu zikusefukira caka ndi caka ndipo ana akufa ndi malungo, kuyendera matenda a anthu owerengeka ndi kutengera cabe za Azungu.

Pali coona m'mau amenewa. Boma pogawa ndalama za umoyo liyenera kuwerenga mitu, ndipo likasiya madzi abwino ndi zimbudzi kuti lithamangire matenda osowa, lalakwa. Ifenso ngati ulendo wa tsiku limodzi utiiwalitsa kuyeretsa ngalande ndi kuthira klorini m'madzi, tapusa. Koma udindo wa mnansi suyamba ndi ciwerengero. Umayamba ndi munthu amene wagona kuseri kwa cipupa cako. Kwa mnyamata uja wa pa shopu, mkazi wake si mmodzi mwa anthu owerengeka. Ndi mai wa ana ake, ndipo kucepa kwa odwala anzake ndiko kukumuonjezera mavuto, popeza palibe womumvetsa, palibe gulu lomuyendera, ndipo mankhwala ake ndi odula ndi osowa.

Mbiri ya mpingo wathu itiphunzitsa zomwezi. Nchito inayamba ku Magwero mu 1899, ndipo pofika 1905 mai Issie Hofmeyr anali atayamba kale kuphunzitsa osaona kumeneko. Pa nthawi imeneyo ana akufa ndi malungo anali ambirimbiri kuposa ana osaona. Wowerenga mitu akadati maiyo akutaya nthawi. Koma m'kaciyambi kameneko munacokera maphunziro a ana olumala m'dziko lino, ndipo ku Magwero sukulu za osaona ndi osamva zikalipo.

Cinanso n'cakuti zimene mungacitire wodwala MS sizithera pa iye yekha. Citsulo cogwirira m'cimbudzi, mpando wokwezeka woika pa dzenje, potsetsereka pa khomo la chalichi m'malo mwa masitepe okhaokha, zonsezi zithandizanso agogo amene anagwidwa sitiroko, bambo amene anadulidwa mwendo cifukwa ca shuga, ndi mwana woyendera ndodo. Dziko lathu lili ndi lamulo la anthu olumala la mu 2012, koma lamulo silingawocherere citsulo. Amene angatero ali mumseu wa Katima Mulilo.

Poyesera pake

Tsono ngati mtima wa munthu sitingauone, ndipo ciwerengero sicithetsa nkhani, tidzadziwa bwanji ulendo wacifundo ndi ulendo wa malonda? Ndikupemphani kuti pepala lija likafika, mufunse mafunso anai amene ali ndi mayankho ooneka ndi maso.

Loyamba ndi la masamu. Tinene kuti gulu lasindikiza masikipa 20 pa K150 imodzi. Imeneyo ndi K3,000. Ngati ndalama zopita kwa odwala ndi K1,000, ndiye kuti wathandizidwa kwambiri ndi wosindikiza masikipa. Gulu lotere likadacita bwino kuvala zovala zao za nchito, kunyamula cikwangwani cimodzi colembedwa pamanja, ndi kupereka K4,000 yonse. Cimene mwaononga podzionetsa cisapose cimene mwapereka. Ndipo pa cinsalu, zilembo zazikuru zikhale za matenda ndi zizindikiro zake, dzina la shopu likhale pansi.

Laciwiri ndi la thumba. Ndani asunga ndalama, ndani aziwerenga, ndipo zidzalengezedwa liti? Ambiri a ife tinasainapo mapepala a zopereka amene mapeto ake sitinawamve. Mtumwi Paulo posonkhetsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu sanafune kunyamula thumba yekha. Pa 2 Akorinto 8 tiwerenga kuti mipingo inasankha munthu woyenda naye, kuti pasakhale pokaikira. Ngati Paulo anafuna mboni, kuli bwanji ife? Funsani ngati bungwe lolandira ndalamalo ndi lolembetsedwa, landirani lisiti, ndipo ndalama zikawerengedwa pakhale anthu osacepera atatu. Ngati ndalamazo n'zothandiza munthu mmodzi, banja lake lidziwe ciwerengero tsiku lomwelo. Bizinesi imene yaika dzina lake pa sikipa yaikanso dzinalo pa thumba, ndipo ndalama zikasowa siinganene kuti ife tinangoyenda nao.

Lacitatu ndi la ulemu wa wodwala. Kodi anafunsidwa? Masiku ano cinthu cikacitika m'mawa, pofika masana cili kale pa Facebook ndi pa WhatsApp. Cithunzi ca mai ali pa njinga ya olumala, anyamata a shopu atamuzungulira akumwetulira, cimakopa mitima ndi makasitomala. Koma maiyo ndiye adzakhala ndi cithunzico moyo wake wonse, pamaso pa apongozi, a landilodi ndi amene akadamulemba nchito. Kaunda ndi Winstone Zulu anasankha okha kuima poyera, palibe anawakankha. Wodwala akafuna kukamba, mupatseni malo oyamba ndipo mumvetsere. Akafuna kubisika, yendani popanda kuchula dzina lake. Ndipo musamuike padzuwa maola atatu kuti anthu amuone, pamene kutentha kumene kumamudwalitsa. Mthunzi, madzi ozizira ndi cimbudzi capafupi zikonzedwe poyamba.

Lacinai, limene liposa onse, ndi la pa Mande m'mawa. Masikipa acapidwa, nyimbo zatha, mwendo wa mai uja ukali wolemera. Catsala n'ciani? Mphunzitsi wa Ciyuda, Moses Maimonides, amene anakhala ku Egypt ndi kumwalira mu 1204, anasanja kupatsa pa makwerero asanu ndi atatu. Kupereka mobisika, wopatsa ndi wolandira osadziwana, anakuika pamwamba ndithu, koma osati pamwamba penipeni. Pamwamba pa zonse anaikapo kugwira dzanja munthu asanagwe: kumubwereka poyambira, kugwirizana naye pa malonda, kapena kumupezera nchito, kuti asafike popempha. Taonani, azimai, khwerero lapamwambali lili m'manja mwa eni mabizinesi. Ngakhale ife a Cigwirizano, ndi mapemphero athu ndi sopo wathu, sitingalembe munthu nchito. Mwini shopu angathe.

Conco mwini shopu yowocherera uja adzayesedwa pa tsiku limene mnyamata wake adzapempha kuti aperekeze mkazi wake ku UTH, pamene geti ya kasitomala ikudikira. Kodi adzamudula malipiro? Mai wa saluni adzayesedwa pamene mtsikana wake woluka tsitsi adzayamba kunjenjemera manja. Kodi adzamucotsa mwakacetecete, kapena adzamupatsa mpando ndi kumuika polandira ndalama? Telala angasinthe mabatani ang'onoang'ono pa zovala za wodwala ndi kuikapo zipi kapena lasitiki, kuti adzivalira yekha. Wa takisi angapatule ulendo umodzi pa mwezi wopita naye ku mafizo. Wowocherera angatenge zidutswa za zitsulo zotsala ndi kupanga cogwirira ca pabedi ndi ca kubafa, kapena kukonza njinga imene yathyoka m'maenje a miseu yathu. Zinthu zimenezi palibe amene adzazijambula. Apa ndi pamene Mateyu 5 ndi Mateyu 6 akumana: pa Ciwelu mwaonekera kuti matenda adziwike, pa Mande mwathandiza popanda woona. Bizinesi yocita zonse ziwiri siiyenera kucita manyazi ndi dzina lake pa sikipa. Yocita coyamba cokha yabwereka cabe matenda a mnzake kuti itsatsire malonda, ndipo ngongole imeneyo idzafunsidwa.

Kwa inu amene mudzayenda, ndi inu amene mudzaonerera

Pa Marko 2 pali nkhani ya anthu anai amene ananyamula mnzao wofa ziwalo. Cimene anacita sicinali cobisika. Anasasula denga la nyumba ya mwini khamu lonse likuona, ndipo mosakaika m'mudzimo anakambidwa masiku ambiri. Koma mlembi sanasunge dzina la mmodzi yense wa iwo. Anasunga zakuti munthu amene anabwera atanyamulidwa anabwerera kwao akuyenda. Mphasa ili ndi ngodya zinai, ndipo mmodzi akataya ngodya yake pakati pa njira, wodwala amagwa ngakhale atatu enawo ali ndi mtima wabwino cotani.

Inu amene muli ndi bizinesi, pepala likafika musalikane poopa kuti anthu adzati mukudzionetsa. Lowani nao, itanani anchito anu ndi oyandikana nao, lembani dzina lanu ngati mufuna. Koma musanavale sikipa khalani pansi ndi anzanuwo, mugwirizane cinthu cimodzi cimene mudzacitabe miyezi 12 ikubwerayi, ndipo mucilembe m'buku la shopu pamodzi ndi ngongole zina zimene muyenera kubweza.

Inu amene mudzaima pambali pa mseu, musafulumire kuweruza mitima imene simungaione. Werengani cinsalu, funsani kumene ndalama zikupita, ponyani kanu kocepa. Ndipo pobwerera kunyumba ganizirani za m'gawo lanu. Kodi mulibe mai amene analeka kubwera ku mapemphero cifukwa miyendo imamukanika, amene ena amati ndi waulesi kapena wolodzedwa? Pa msonkhano wathu wotsatira wa Cigwirizano tibwere ndi maganizo a mmene tingamufikitsire kwa dokotala, ndani adzapita naye, ndi ndani adzatsala ndi ana ake tsiku limenelo. Ambuye akupatseni nzeru ndi mphamvu pa nchito imeneyi.